Buku la Ibn Khaldun la Kukwera ndi Kugwa kwa Maufumu, Poliyesa ndi Mbiri ya Amaravi

Mphunzitsi ali yense wa mbiri ya kale adzakomana ndi funso limodzi limene ana sacedwa kufunsa. Akamva za ufumu wa Kalonga, kapena za malinga a miyala a ku Great Zimbabwe, kapena za Aroma, iwo amafuna kudziwa cimene cinagwetsa anthu amphamvu otere. Yankho lofala koposa ndi lakuti ufumu uli ngati munthu: ubadwa, ukula, ukalamba, nufa, ndipo palibe cimene anthu angacitepo. Yankho limeneli likoma m'makutu, koma mphunzitsi ayenera kuliyesa asanalipereke kwa ana, pakuti mwana amene wakhulupirira kuti kugwa kunalembedwa kale sadzadzibvuta kusunga ufulu wa mudzi wace. Mwa onse amene analemba za nkhani imeneyi, amene anaifotokoza mwaluso koposa ndiye Ibn Khaldun, m'buku lace lochedwa Muqaddimah. Bukulo liyenera ulemu waukulu, ndipo ulemu woyenera buku lotere ndiwo kuliika pa muyeso, kuti zioneke zimene ligwira ndi zimene liphonya.

Mwini wace wa buku

Ibn Khaldun anabadwira ku Tunis, kumpoto kwa Africa, m'caka ca 1332, namwalira ku Cairo m'caka ca 1406. Makolo ace anali anthu omveka a ku Seville m'dziko la Spain, amene anaoloka nyanja mzinda wao usanagwe m'manja mwa mfumu ya Castile m'caka ca 1248. Iye akali mnyamata, mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 unapha atate wace ndi amace pamodzi ndi ena mwa aphunzitsi ace. Atakula anatumikira mafumu a ku Fez, Granada ndi Bejaia. Anakhalako mlembi, kazembe ndi nduna, ndipo ku Fez anagonanso m'ndende pafupifupi zaka ziwiri. Anaona ndi maso ace mafumu akulongedwa ufumu caka cino, caka camawa nkuthawa.

Atatopa nazo izi, m'caka ca 1375 anakabindikira m'linga la Qal'at Ibn Salama, m'dziko limene lero lichedwa Algeria, ndipo kumeneko m'caka ca 1377 analemba Muqaddimah m'miyezi isanu. Dzinali litanthauza mau otsogolera, pakuti bukuli linali khomo la mbiri yaitali ya mitundu ya anthu yochedwa Kitab al-Ibar. M'caka ca 1382 anasamukira ku Egypt, kumene anakhala mphunzitsi ndi woweruza milandu. M'caka ca 1401 anamtsitsa ndi cingwe pa linga la Damascus kuti akakambirane ndi Timur, mfumu ya nkhondo imene inazinga mzindawo. Franz Rosenthal anamasulira buku lonse m'Cingerezi, ndipo linaturuka m'magawo atatu m'caka ca 1958.

Mbiri ya moyo wace iyenera kukumbukika powerenga bukuli. Mphamvu ya buku icokera pa zimene mwini wace anaziona m'mabwalo a mafumu a kumpoto kwa Africa, ndipo malire a buku acokera pomwepo.

Ciphunzitso ca bukuli

Mzati wa buku lonse ndi liu limodzi la Ciarabu, asabiyya. Kulimasulira m'Cicewa kuli kobvuta pang'ono. Likhudza cibale, koma lipitirira cibale, pakuti anthu osabadwa pamodzi angakhale nalo ngati akhalira limodzi nthawi yaitali nakhulupirirana. Likhudza umodzi, koma umodzi wace ndi uja umene uutsa munthu usiku atamva mfuu kwa mnansi wace, nathamangirako osayamba wafunsa amene anaputa mnzace. Liu loyandikira koposa ndi cimvano, ndipo ndilo ligwire nchito m'nkhani ino.

Ibn Khaldun agawa anthu pawiri: a kucipululu ndi kumapiri, ndi a m'mizinda. A kucipululu ali osauka, alibe linga kapena asilikari oalondera, motero adzilondera okha, ndipo cimvano cao ciri colimba. A m'mizinda ali ndi luso, maphunziro ndi cuma, koma nchito yodzichinjiriza anaipereka kwa mfumu ndi asilikari ace, nazolowera kumvera lamulo cifukwa ca kuopa cilango. Anthu a cimvano, makamaka pamene cipembedzo caagwirizanitsa, agonjetsa mzinda nakhazika ufumu wao, ndipo kuyambira tsiku lomwelo cimvano cimene cinaapatsa ufumuwo ciyamba kusungunuka.

Kusungunukako kutenga mibadwo itatu. Mbadwo woyamba ukumbukira njala ndi ludzu, ndipo onse agawana ulemu pamodzi ndi zofunkha. Waciwiri wakulira m'mthunzi. Mfumu iyamba kudzitengera ulemu wonse, nikankhira kutali abale amene anaiika pa mpando, niika m'malo mwao akapolo ndi alendo olipidwa amene sangaitsutse. Wacitatu waiwala zonse; ubvala zida pa masiku a cikondwerero, koma nkhondo yeniyeni ikadza ufuna kuti ena aumenyere. Mbadwo umodzi auwerenga zaka 40, motero moyo wa nyumba yacifumu ukhala ngati zaka 120.

Pa za msonkho mlembiyu afotokoza momveka bwino ndithu. Poyamba mfumu isonkhetsa pang'ono, anthu alima ndi kucita malonda mokondwa, ndipo nkhokwe ya mfumu idzala. Zofuna za kunyumba ya mfumu zikaculuka, msonkho ukwera, misonkho yatsopano iikidwa pa misika, mfumu iyamba kucita malonda nilanda msika wa anthu ace, nigwiritsa anthu nchito yopanda malipiro yonga thangata. Mlimi aona kuti thukuta lace adya ndi wina, naleka kulima kopitirira cimene iye adzadya. Motero msonkho waukulu ubala cuma cocepa, ndipo mfumu poona kucepako ionjezanso msonkho. Ibn Khaldun abwereza kawiri kawiri kuti cimene cipasula dziko ndi kusowa cilungamo pa katundu wa anthu.

Ubwino wa bukuli

Ubwino woyamba uli pa njira yace yoyesera nkhani. Alembi a mbiri a masiku ace anali kulandira nkhani poona dzina la woisimba. Iye anati nkhani iyesedwe ndi zimene zitheka pa moyo wa anthu. Mlembi wina wochuka, al-Mas'udi, anasimba kuti Alexander analowa m'bokosi la galasi natsikira pansi pa nyanja kukajambula zirombo za m'madzi. Ibn Khaldun anakana nkhaniyi, nati mfumu singaike moyo wace pangozi yotere, ndiponso munthu wotsekeredwa m'bokosi pansi pa madzi angafe posowa mpweya. Anacenjezanso kuti osimba amakonda kukuza ciwerengero ca asilikari ndi ca cuma ca mafumu. Mphunzitsi amene adzatola mbiri kwa akulu a m'midzi aphunzirepo: ulemu kwa wosimba suletsa kufunsa ngati cosimbidwaco cikadatheka.

Ubwino waciwiri ndi wakuti afuna zifukwa pa zinthu zooneka, monga cakudya, msika, msonkho ndi maleredwe a ana. Iye anali Msilamu wopembedza, ndipo acula Mulungu pa mathero a mitu yambiri ya buku lace, koma sabisala kumbuyo kwa mau akuti zinalembedwa. Asonyeza njira imene cinthu cimodzi cibalira cinzace.

Ubwino wacitatu ndi wakuti m'dziko lace ciphunzitsoci ciri ndi mboni. Anthu a m'cipululu ca Sahara ochedwa Almoravid anamanga mzinda wa Marrakesh ca m'ma 1070, nalamulira Morocco ndi mbali ina ya Spain. M'caka ca 1147 anthu a kumapiri a Atlas ochedwa Almohad anaalanda mzindawo. Iwonso anautaya m'caka ca 1269 kwa a pfuko la Banu Marin, patapita zaka 122. Munthu wopenya mbiri yotere sangadzudzulidwe poganiza kuti wapeza lamulo.

Kuyesa ndi mbiri ya Amaravi

Lamulo likhala lamulo ngati ligwira nchito ndi kwina komwe. Mbiri ya Amaravi iri muyeso wabwino, popeza mlembiyu sanaidziwa konse.

Mwambo wa pakamwa usimba kuti Aphiri anacokera ku Uluwa, m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi mfumu yochedwa Kalonga, nakhazikika ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka. Zimene Yusuf Juwayeyi anakumba pa malowo, nazifotokoza m'buku lace la 2020, monga mikanda ya galasi, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga, zionetsa kuti mudziwo unali pa njira ya malonda a kutali. Ufumu unakula mwa kutumiza abale kukalamulira madera. Lundu ndi Kaphwiti anatsikira ku cigwa ca Shire. Undi anacoka atakangana ndi anzace pa za mpando, natenga Nyangu, mai wobala mafumu, nakamanga ku Maano m'dziko limene lero liri Mozambique.

Makalata a Apwitikizi apereka zaka. M'caka ca 1608 mfumu yochedwa Muzura inatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kwa Zambezi kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwene Mutapa. M'caka ca 1616 Gaspar Bocarro anaceza kwa mfumuyi pa ulendo wace wocokera ku Tete kunka ku Kilwa. M'caka ca 1622 Muzura anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi. Akatswiri a mbiri atsutsana ngati Muzura anali Kalonga kapena mfumu ina, koma abvomerezana kuti zaka za m'ma 1600 ndizo zinali pacimake pa mphamvu ya Amaravi. Pamene Antonio Gamitto anadutsa m'dziko lao m'caka ca 1831, anapeza mafumu ambiri, yense wolamulira dera lace ndi wofuna mphatso yace kwa apaulendo. M'caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi. M'zaka za m'ma 1860 Kalonga Sosola anaphedwa ndi Ayao, ndipo mpando wa ku Mankhamba unatha.

Pali mbali imene ciphunzitso ca Ibn Khaldun cigwira. Cimvano ca nyumba ya Aphiri cinacepadi pamene mibadwo inali kupita. Mphwace wa mphwace wa munthu amene anatumidwa ndi Kalonga sanali kumdziwa Kalonga nkhope, ndipo mitulo inali kumlemera.

Koma pali mbali zitatu zimene siciri kugwira. Yoyamba ndi ya ciwerengero. Kuyambira ulendo wa Bocarro kufikira imfa ya Sosola papita zaka ngati 250, ndipo ufumu unalipo kale Bocarro asanadze. Kwinanso nkotero: nyumba ya Ottoman inalamulira kuyambira ca m'ma 1300 kufikira 1922. Ibn Khaldun anadziikira pothawira, nati ufumu wokalamba ungakhalitse ngati palibe woukankha. Koma pothawira pamenepa pafooketsa lamulo lace, cifukwa ufumu ukagwa msanga lamulo lichedwa loona, ndipo ukakhalitsa lichedwanso loona. Tsono lamulo lotere silingauze munthu za mawa.

Yaciwiri ndi ya njira ya kugwa. Mfumu ya m'buku la Ibn Khaldun igwa cifukwa yakundika mphamvu zonse m'manja mwace nitaya abale. Kalonga anafooka mwa njira yosiyana, pakuti mphamvu anaigawira abale kufikira pakati panatsala pocepa. Ndiponso ku Mankhamba kunalibe nyumba zacifumu za miyala kapena gulu la asilikari olipidwa lakudya msonkho. Cimene cinamasula mfundo cinali malonda. Pamene amalonda a Ciyao, Abisa ndi anthu a Apwitikizi anayamba kugula minyanga kwa mafumu ang'ono mwacindunji, nsaru ndi mikanda zinafika kwa mafumuwo osadzera kwa mfumu yaikulu, ndipo cifukwa coperekera mitulo cinacepa.

Yacitatu ndi ya zocokera kunja. Kufunika kwa akapolo ku gombe la nyanja yaikulu ndi ku minda ya ku zisumbu, kubwera kwa mfuti, ndi nkhondo za kumwera zimene zinasamutsa Angoni, zonsezi sizinabadwe ndi ulesi wa zidzukulu za Kalonga. Mphunzitsi amene auza ana kuti Amaravi anagwa cifukwa anakhuta naiwala nkhondo waanamiza, ndipo waika mlandu pa anthu amene anagwidwa ndi kugulitsidwa.

Cimene bukuli silipenya bwino

Maso a Ibn Khaldun ali pa nyumba yacifumu. Anthu wamba m'buku lace aoneka makamaka ngati osonkha msonkho, amene alemera kapena kusauka monga mfumu icitira. Funso lakuti mudzi usunga bwanji ufulu wace pamene mafumu akwera ndi kutsika alikhudza pang'ono cabe. Apa mbiri ya Acewa iri ndi cophunzitsa.

Pakati pa Amaravi mphamvu sinakhale pamodzi. Mpando unali wa Aphiri, koma za mvula ndi nthaka zinali makamaka m'manja mwa Abanda. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, anali kucokera kwa Abanda. Ku Msinja kunali Makewana, wosunga kacisi wa mvula, amene mafumu anali kumtumizira nsembe. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kunali kacisi wa Mbona. M'mudzi munali bwalo, pamene mlandu unali kukambidwa poyera ndipo nyakwawa inali kuweruza itamva akulu. Munali mbumba ndi nkhoswe yace. Munalinso dambwe la nyau, limene linali ndi malamulo ace, ndipo nyimbo zace zinali kutha kudzudzula ndi akulu omwe. Mpando wa ku Mankhamba utatha, zambiri mwa izi zinatsala. Kacisi wa ku Msinja anapasulidwa m'nkhondo za zaka zimenezo, koma wa Mbona alipo, ndipo gule wamkulu analembedwa ndi UNESCO m'caka ca 2005 pakati pa cuma ca mitundu yonse ya anthu. Nyumba ya Undi nayo ikalipo ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Acewa a maiko atatu asonkhana pa mwambo wa Kulamba.

Cilankhulo nacho cipereka umboni. Ibn Khaldun aphunzitsa kuti wogonjetsedwa amatsanzira womgonjetsa pa zobvala ndi pa miyambo. Izi zinacitikadi pang'ono, pakuti Acewa ena anatengera ngoma ndi zida za Angoni, ena nadzicha Angoni. Koma Angoni a Maseko a ku Ntcheu ndi Dedza anakwatira akazi a m'dzikomo, ana anayamwa cilankhulo ca amai ao, ndipo lero alankhula Cicewa. Mlembiyu anadziwa kuti ogonjetsa amatengera makhalidwe a mizinda yolemera imene alanda, koma kuno analibe mzinda wolemera woti autengere. Cimene cinaasanduliza cinali nyumba ya mai ndi moyo wa pa mudzi.

Liu lakuti ufulu liyenera kupendedwa pano. M'malankhulidwe a kale mfulu anali munthu wosakhala kapolo, ndiye kuti munthu wokhala ndi abale omuimira pa mlandu ndi omuombola akagwidwa. Kapolo anali wopanda nkhoswe. Liu lomweli linali kunenanso za kuolowa manja, kotero kuti munthu waufulu anali wopatsa. Tsono kwa eni cilankhulo ufulu unali cinthu cosungirana, ndipo munthu sanali kuusunga yekha. Apa Cicewa cigwirizana ndi Ibn Khaldun kuti cimvano ndico cichinjiriza munthu, koma cionjeza cimene iye sanacitsindike, kuti cimvano cingakhale m'mbumba ndi pa bwalo popanda kufuna kugonjetsa mzinda wa wina.

Komabe mphunzitsi asakometse mbiriyi kopitirira. Kugawikana kwa mphamvu kunachinjiriza anthu kwa mfumu yao, koma sikunaachinjirize kwa nkhondo yocokera kunja. Angoni atadza, midzi yambiri inalimbana nao payokha payokha, ena anamanga malinga, ena anathawira kumapiri, ndipo ambiri anagwidwa. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo pamenepa Ibn Khaldun anena zoona. Ndiponso ufulu wa pa mudzi sunali wa onse. Acewa anali ndi akapolo ao, mafumu ena anagulitsa anthu ao, ndipo mwabvi unapha osacimwa. Ana ayenera kumva izi pamodzi ndi zokoma zija.

Mau ace pa anthu akuda

Pali cilema cina m'bukuli cimene siciyenera kubisidwa. Ibn Khaldun anakana nthano yakuti khungu lakuda ndi temberero la Hamu, nati licokera ku kutentha kwa dzuwa, ndipo pamenepa anapambana alembi ambiri a masiku ace ndi a m'mbuyo mwace. Koma iye yemweyo analemba kuti anthu akuda a kumwera abvomera ukapolo mosabvuta ndi kuti ena a iwo ali pafupi ndi nyama. Iye sanafike kumwera kwa Sahara. Mau amenewa anangoalandira kwa alembi akale ndi kwa anthu opindula ndi malonda a akapolo, osaayesa ndi muyeso umene anayesa nao nkhani ya bokosi la Alexander. Codabwitsa ncakuti m'Kitab al-Ibar analemba mndandanda wa mafumu a Mali, pamodzi ndi ulendo wa Mansa Musa wa ku Mecca wa 1324, atafunsa anthu odziwa dzikolo, ndipo zimene analembazo ziri mwa umboni wodalirika koposa wa ufumuwo. Pamene anafunsa anapeza zoona, ndipo pamene anangolandira zomveka anasokera. Ici cikhale cenjezo kwa ali yense wophunzitsa za mitundu imene sanakhale nayo.

Ufulu ndi cipinda ca sukulu

Mutu umodzi wa bukuli ukhudza mphunzitsi mwacindunji. Ibn Khaldun aphunzitsa kuti nkhanza ziononga wophunzira. Mwana woleredwa ndi mkwapulo ataya cangu, acita ulesi, aphunzira kunama ndi kubisa za mumtima poopa dzanja la womlanga. Potsiriza ataya mtima wodziimira yekha ndi woimira a kwao, nakhala wodalira ena. Ndipo mlembiyu aonjeza kuti zomwezi zicitikira mtundu wonse wa anthu umene wakhala nthawi yaitali pansi pa goli. M'mutu umenewu muli yankho labwino koposa limene bukuli lipereka pa za ufulu, ngakhale mwini wace sanalilumikize kwenikweni ndi lamulo lace la zaka 120. Ngati mantha aphunziridwa, ndiye kuti kulimba mtima nako kungaphunziridwe, ndipo zimene mbadwo wacitatu udzakhala zidalira amene anaulera.

Mbiri ya Malawi ya posacedwa itsimikiza kuti kusintha sikudikira anthu a kucipululu. Dziko linalandira ufulu m'caka ca 1964, linakhala la cipani cimodzi m'caka ca 1966, ndipo m'caka ca 1971 Dr. Banda anaikidwa kukhala mtsogoleri wa moyo wace wonse. Uku kunali kukundika mphamvu kumene Ibn Khaldun akadakuzindikira msanga. Koma cimene cinamasula mfundoyo cinacokera m'kati mwa dziko: kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'mipingo m'mwezi wa March 1992, kunyanyala kwa anchito ndi ophunzira caka comweco, ndi cisankho ca June 1993, pamene oposa 60 mwa ovota 100 ali onse anafuna zipani zambiri. Maiko opereka thandizo anakankhako, koma oponya voti anali eni dziko. M'mwezi wa February 2020 bwalo la milandu linafafaniza cisankho ca mtsogoleri ca 2019, nililamula kuti cicitikenso. Pa nthawi zonsezi anthu anatsamira pa zinthu zimene zinali kunja kwa dzanja la wolamulira, monga momwe makolo a Acewa anatsamira pa kacisi, pa bwalo ndi pa mbumba.

Mathero

Muqaddimah liri buku lofunika kwa mphunzitsi cifukwa lisonyeza zizindikiro zimene zioneka nyumba yacifumu ikayamba kudwala: mfumu yotaya aphungu oitsutsa, msonkho wokwera pamene zokolola zicepa, wolamulira wolanda malonda a anthu ace. Zizindikiro zimenezi nzoona, ndipo mwana wa m'kalasi lapamwamba angazimve. Ciwerengero ca zaka 120 ciphunzitsidwe monga ganizo la munthu wanzeru wa ku Tunis lofotokoza maufumu a kwao, ndipo ana apatsidwe zaka za Amaravi ndi za Ottoman kuti aliyese okha.

Nchito yeniyeni iri pafupi ndi sukulu. Mphunzitsi awerenge Mbiri ya Acewa ya Samuel Josiah Ntara, imene inatoledwa kwa akulu a m'midzi nimasuliridwa m'Cingerezi m'caka ca 1973, ndipo aiyese ndi muyeso womwewo. Atume ana kukafunsa agogo ao maina a nyakwawa za mudzi wao kubwerera m'mbuyo, cimene cinasamutsa mudziwo, amene anali ndi mphamvu yodzudzula mfumu ikalakwa, ndi cimene cinali kucitika mfumu ikakana kumva. Mayankho alembedwe m'Cicewa, ndipo pamene agogo awiri asiyana, ana akambirane poyera m'kalasi kuti wanena zotheka ndani, aliyense napereka cifukwa cace popanda kuopa mkwapulo. Mphunzitsi asunge zolembazo m'kabati ya sukulu kuti kalasi la caka camawa lidzaonjezepo.